Mwana wonenepa, nkhokwe yodzaza, koma shuga watsika: funso la usiku pa gulu la azamba

Nangozo: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Pepani ndabwera ndi funso usiku uno. Mawa masana ndili ndi mayeso, koma chimene chandisowetsa tulo si mayesowo. Dzulo ku wodi kunabadwa mwana wolemera makilogalamu 4.4, mayi ake ali ndi matenda a shuga. Mwana wonenepa, wofiira, analira bwinobwino atangobadwa. Patapita maola awiri anayamba kunjenjemera manja, bere sakuligwira. Titamuyeza shuga anali wotsika kwambiri, pa 1.8 mmol/L. M'buku akuti mwana wa mayi wa shuga amasunga glycogen wambiri m'chiwindi kuposa ana ena. Ndiye ngati nkhokwe yake ndi yodzaza chonchi, njala ikumupeza bwanji? Wobadwa masiku asanakwane ndikumvetsa, alibe chosunga. Koma uyu?

Mzamba Wamkulu: Mwana wanga, tisanapite ku mabuku, khandalo lili bwanji pano? Mwalichitira chiyani?

Nangozo: Ali ku nazale, Amayi. Anamupatsa dextrose (madzi a shuga a kuchipatala) wa 10% pa mtsempha, 2 ml pa kilogalamu iliyonse, kenako anamuika dilipi. Mayi ake akufinya mkaka, tikumumwetsa ndi kapu. Ndisanaweruke shuga anali atafika pa 3.1.

Mzamba Wamkulu: Mwachita bwino. Tsopano Aphunzitsi akuyankheni za mkati mwa chiwindimo, ine ndidzaonjezera zimene maso anga aona.

Aphunzitsi: Zikomo Amayi. Nangozo, fanizo la nkhokwe mwalitenga pamalo pake, ndiye tilisunge. Glycogen ndi glucose, shuga wa m'magazi yemwe uja, koma womangidwa masauzande ambiri pamodzi, nthambi pamwamba pa nthambi. Selo silingasunge glucose wambiri womasuka, chifukwa amakoka madzi ndipo selolo likhoza kutupa. Ndiye chiwindi chimamumanga n'kumuika pambali. Pa ntchitoyi pali ma enzayimu (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'selo) atatu amene muyenera kuwadziwa ngati mayina a abale anu. Glycogen synthase ndi amene amathira m'nkhokwe. Glycogen phosphorylase ndi amene amatapa. Koma chimene phosphorylase watapa chimakhala chikadali ndi phosphate, ndipo shuga wokhala ndi phosphate satuluka m'selo. Wachitatu, glucose-6-phosphatase, ndi amene amachotsa phosphate ija kuti shuga atuluke pakhomo alowe m'magazi.

Mwana ali m'mimba safunika kutapa. Shuga amabwera kuchokera kwa mayi usana ndi usiku, kudutsa mu nsengwa, kulowa mu mtsempha wa mumchombo, ndipo chiwalo choyamba chimene magazi amenewo amafikako ndi chiwindi. Ena amalambalala kudzera mu kamtsempha kotchedwa ductus venosus, ena amalowa m'chiwindimo. Shuga wa mwana amatsatira wa mayi, amangokhala wotsikirapo pang'ono. Mayi akadya, wa mwana amakwera. Koma gwirani ichi, chifukwa yankho lanu lagona pamenepa: glucose amadutsa nsengwa, insulin ya mayi, homoni yotsitsa shuga m'magazi, siidutsa. Mwana amapanga yakeyake mu pankiriyasi yake.

Kudzaza kwenikweni kumachitika m'miyezi itatu yomaliza ya mimba, ndipo kumathamanga kwambiri m'masabata otsiriza. Pofika tsiku lobadwa, galamu imodzi ya chiwindi cha mwana imakhala ndi glycogen wochuluka kawiri kapena katatu kuposa ya munthu wamkulu amene wadya n'kukhuta.

Achimwene a ku Labu: Aphunzitsi, ndilowererepo. Chimauza chiwindi kuti nthawi yodzaza yakwana ndi chiyani? Chifukwatu shuga wa mayi amakhala akubwera kuyambira mwezi woyamba. Bwanji sichidzaza kale?

Aphunzitsi: Ndi mahomoni awiri akugwirizana. Cortisol wa mwanayo amakwera kwambiri kumapeto kwa mimba. Cortisol ameneyu ndi yemwe uja amakhwimitsa mapapo kuti apange surfactant, madzi oletsa timatumba ta mpweya kumatirirana, koma m'chiwindi amachulukitsa glycogen synthase, komanso amayamba kukonzeratu glucose-6-phosphatase amene adzafunike mwana akabadwa. Insulin ndiyo imadzutsa synthase uja kuti agwire ntchito, n'kugoneka phosphorylase. Cortisol amamanga nkhokwe, insulin imathiramo n'kutseka.

Amene anaonetsa zimenezi bwino ndi wasayansi wa ku France, Alfred Jost, m'zaka za m'ma 1950. Ankafufuza pa ana a akalulu ali m'mimba. Akawachotsera pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo kolamulira mahomoni ena, chiwindi chawo sichinkadzaza glycogen kumapeto kwa mimba ngakhale shuga wa mayi ankabwera monga kale. Apa mpamene anthu anazindikira kuti chakudya chokha sichikwana, pakufunika chizindikiro chochokera m'thupi la mwanayo. Ndipo nkhaniyi ndi yakale kuposa pamenepo. Claude Bernard anatulukira glycogen m'chiwindi mu 1857, ndipo mu 1859 anamupezanso mu nsengwa ndi m'ziwalo za ana osabadwa.

Nangozo: Ndiye mchombo ukadulidwa?

Aphunzitsi: Mchombo ukadulidwa, mpopi watsekedwa mwadzidzidzi. Shuga m'magazi amayamba kutsika, ndipo amafika potsikitsitsa pakati pa ola loyamba ndi lachiwiri. Izi zimachitikira mwana aliyense, ngakhale wathanzi. Koma thupi siligona. Kubadwa kumene, kupanikizika kwa m'njira, kuzizira kwa kunja, zimakweza mahomoni a adrenaline ndi noradrenaline kwambiri. Glucagon, homoni yokweza shuga m'magazi, amakwera, insulin imatsika. Glucagon ndi adrenaline akafika pa selo la chiwindi amakweza kamthenga kotchedwa cyclic AMP mkatimo, ndipo cyclic AMP amayambitsa mndandanda umene mapeto ake ndi kudzutsa phosphorylase n'kugoneka synthase. Lamulo limodzi, ntchito ziwiri: wothira aleke, wotapa ayambe. Earl Sutherland anatulukira cyclic AMP akufufuza funso lomweli, la mmene adrenaline ndi glucagon amatsegulira glycogen wa m'chiwindi, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1971.

Tsopano bwererani kwa mwana wanu wa makilogalamu 4.4. Kwa miyezi yambiri amalandira shuga wochuluka kuchokera kwa mayi. Pankiriyasi yake inazolowera kupanga insulin yambiri, maselo ake opanga insulin anachuluka. Insulin imeneyo ndiyo inamunenepetsa, ndiyo inadzaza chiwindi. Mchombo wadulidwa, shuga wa mayi wasiya kubwera, koma insulin sinatsike msanga monga imachitira mwa ana ena. Ikukankhirabe shuga wa m'magazi kulowa mu minofu ndi m'mafuta, ndipo ikugwirabe chitseko cha nkhokwe kuti chisatseguke. Chimanga chilimo, koma mwini kiyi wakana. Dokotala wa ku Denmark, Jørgen Pedersen, ndi amene anafotokoza ganizoli mu 1952.

Nangozo: Eee! Ndiye vuto si kuchepa kwa glycogen ayi, koma kuti sakutuluka.

Aphunzitsi: Ndendende. Ndipo pali china choipirapo. Insulin imaletsanso kusungunula mafuta, ndiye chiwindi sichipanga ma ketone, chakudya china cha ubongo chochokera ku mafuta. Mwana wathanzi shuga akatsika, ubongo wake umadalira ma ketone ndi lactate kwa kanthawi. Mwana wa insulin yambiri alibe chothawirako chimenecho. N'chifukwa chake 1.8 mwa mwana ngati wanuyu ndimamuopa kuposa 1.8 mwa mwana wamba wa ola limodzi amene akuyamwa bwino.

Mzamba Wamkulu: Aphunzitsi anena zoona. Ine ndagwira ntchitoyi zaka zoposa makumi atatu, ndipo ana amene anandipusitsa ndili wachitsikana ndi onenepawa. Wamng'ono aliyense amamuyang'anira, amamufunditsa, amamuwerengera maola. Wonenepa abale amaombera m'manja, akuti wabadwa ndi mphamvu, n'kumusiya agone. Kugona kumeneko nthawi zina si tulo ayi. Mwana amene wadutsa maola atatu osafuna bere, ukamunyamula ali lende, kulira kwake kofooka kapena kokwera modabwitsa, musanene kuti ndi wofatsa. Yezani. Komanso musaiwale kuti amayi ambiri kwathu kuno safika poyezedwa shuga ali ndi pakati. Khadi la sikelo likhoza kukhala lopanda mawu oti shuga, koma mwana woposa makilogalamu 4 akukuuzani yekha zimene khadi silinalembe.

Kilinikala wa Kumudzi: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Kuno kwathu onenepa timawaona mwa apo ndi apo. Amene amadzaza mabedi ndi ang'onoang'ono. Lipoti la WHO la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 mwa 100 alionse. Ndiye ndikamva Aphunzitsi akuti kudzaza kumathamanga m'masabata otsiriza, ndikuona kuti mwana wa masabata 32 wachotsedwa m'munda kukolola kusanayambe.

Aphunzitsi: Mwanena bwino, ndipo iyeyo mavuto ake ndi awiri. Glycogen ndi wochepa, komanso glucose-6-phosphatase wake sanakhwime, ndiye ngakhale pang'ono ali napoyo satuluka mokwanira. Mafuta osungira alibenso. Palinso wina, wokwana masiku koma wochepa thupi, amene nsengwa sinkamudyetsa bwino chifukwa cha malungo, kuthamanga kwa magazi kwa mayi, kapena kuperewera kwa chakudya. Ameneyu nthawi anali nayo koma chothira chinasowa. Mutu wake umakhala waukulu poyerekeza ndi thupi, chiwindi chaching'ono. Wodya wamkulu, nkhokwe yaing'ono.

Kilinikala wa Kumudzi: N'chifukwa chake ine Fansidar wa ku sikelo ndimamuona ngati mankhwala a chiwindi cha mwananso. Malawi inali dziko loyamba kuyamba kupereka SP, amene ndi Fansidar yemweyo, kwa amayi oyembekezera kuti apewe malungo, mu 1993. Majeremusi a malungo akadzazana mu nsengwa, mwana amabadwa wochepa, ndipo ife timadzakumana nazo pa glucometer, kachipangizo koyezera shuga.

Achimwene a ku Labu: Funso lina. Minofu nayonso imasunga glycogen, ndipo mukaphatikiza thupi lonse wa mu minofu ndi wambiri kuposa wa m'chiwindi. Bwanji sathandiza shuga akatsika?

Aphunzitsi: Chifukwa minofu ilibe glucose-6-phosphatase woti atulutsire shuga m'magazi. Glycogen wa mu mnofu ndi wa mnofu womwewo. Chimene mnofu ungachite ndi kumuphwanya mpaka lactate, lactate n'kupita ku chiwindi, chiwindi n'kumusandutsanso glucose. Kuzungulira kumeneku ndi kumene kumatchedwa dzina la Carl ndi Gerty Cori, amene analandira Nobel mu 1947.

Koma poti mwatchula minofu, tisadumphe mtima. Mtima wa mwana wosabadwa umasunga glycogen wambiri kuposa wa munthu wamkulu, ndipo ofufuza a ku Oxford, mmodzi mwa iwo Heather Shelley, anaonetsa kuti glycogen ameneyu ndi amene amathandiza mtima wa khanda kugundabe mpweya ukasowa. Koma mtengo wake ndi waukulu. Popanda oxygen, glucose mmodzi amapereka mphamvu yochepa kuposa kakhumi poyerekeza ndi pamene oxygen ilipo. Ndiye mwana amene wabanika pobadwa amawotcha m'mphindi zochepa zimene zikanamukwanira maola ambiri. Mukamutsitsimutsa ndi ambu bag, thumba lopopera mpweya, n'kulira, ntchito sinathe. Nkhokwe yake yatapidwa kale asanaone kunja.

Mzamba Wamkulu: Ameneyu ndiye amaiwalika kwambiri. Walira, tonse tapuma, tapita kukasoka mayi. Pobwerako mwana ali zii.

Make Mapasa: Moni nonse. Ine si namwino, anandilowetsa m'gulu muno ndi achemwali anga chifukwa ndimathandiza amayi anzanga a kangaroo, aja omanga makanda pachifuwa, kwathu kuno. Ndawerenga zonse, zina zandidutsa pamutu, koma za nkhokwezi ndazimva ndipo zandikumbutsa zanga. Mapasa anga anabadwa miyezi isanu ndi itatu isanakwane. Wachiwiriyo anali wochepa kwambiri. Unali mwezi wa June, usiku, magetsi atazima. Tsiku lachiwiri m'mawa ndinamugwira mapazi ali ozizira ngati mwala wa kumtsinje, ndipo sankadzuka. Apongozi anga, chifukwa cha chikondi chawo, anasungunula shuga m'madzi kuti timumwetse ndi supuni. Sisitala wina anabwera n'kutiletsa, anamuyeza pa chidendene, anamubaya mankhwala pa mkono, kenako anamumanga pachifuwa panga ndi chitenje, chipewa kumutu, n'kundiuza kuti ndifinye ngakhale madontho angati. Ndinalira chifukwa mkaka sunkatuluka, timadontho tachikasu tokha. Iwo anati timenetoto n'tokwanira lero. Lero mwanayo ali sitandade 2. Koma mpaka pano sindinamvetse kuti kuzizira ndi shuga zikugwirizana pati, komanso madzi a shuga analakwa chiyani pomwe shuga ndi amene ankasowa.

Mzamba Wamkulu: Mayi, zikomo potiuza. Mwafunsa mafunso awiri amene ophunzira athu ayenera kumayankha ali m'tulo. Za kuzizira ndiyankhe ine. Khanda silinjenjemera kuti lidzitenthetse monga timachitira akuluakulu. Lili ndi mafuta ena apadera pakati pa mapewa, m'khosi ndi mozungulira impso, amene limawotcha kuti lipeze kutentha, ndipo moto umenewo umadya oxygen ndi shuga. Mwana wozizidwa ndiye kuti akutapa m'nkhokwe kuti awothe moto m'malo moti adyetse ubongo. Chifuwa chanu chinamuwotchera motowo, iye n'kusunga shuga wake. N'chifukwa chake timapukuta mwana msangamsanga, kumugoneka pakhungu la mayi, ndi kuletsa kumusambitsa mpaka padutse maola 24. Kangaroo anayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978, chifukwa cha kuchepa kwa ma incubator, ndipo kuno kwathu anayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Ndimakumbukira mmene ena ankakayikira poyamba kuti chitenje chingagwire ntchito ya makina.

Aphunzitsi: Za madzi a shuga ndiyankhe motere, Mayi. Apongozi anu anaganiza molondola kuti mwana akusowa shuga. Zovuta zake ndi izi. Mwana wofooka sameza bwino, madzi akhoza kulowa m'mapapo. Madzi ndi supuni zikhoza kubweretsa majeremusi. Ndipo madzi a shuga amadzaza kamimba kakang'ono kaja popanda mafuta kapena mapuloteni, pomwe chiwindi chikufuna zimenezo kuti chiyambe ntchito yake yatsopano.

Ndifotokoze ntchito yatsopanoyo, chifukwa Nangozo adzaifuna mawa. Glycogen wa m'chiwindi sakhalitsa. Ngati mwana sakulandira kanthu, mbali yaikulu imatha m'maola pafupifupi khumi ndi awiri. Chifukwa chake ndi ubongo. Mwa munthu wamkulu ubongo ndi magawo awiri pa 100 a kulemera kwa thupi, mwa khanda ndi oposa khumi. Ndiye khanda limadya glucose wa mamiligalamu 4 mpaka 6 pa kilogalamu iliyonse pa mphindi, kuposa kawiri zimene wamkulu amadya. Glycogen ndi kamba wa paulendo chabe. Pamene akutha, chiwindi chikuphunzira kupanga glucose watsopano kuchokera ku lactate, glycerol wa m'mafuta, ndi ma amino acid monga alanine. Enzayimu yofunika pamenepa, PEPCK, imakhala yochepa kwambiri mwana ali m'mimba, ndipo imakwera m'maola oyamba akabadwa chifukwa glucagon wakwera, insulin yatsika. Kupanga glucose watsopanoku kumafuna mphamvu, ndipo mphamvuyo imachokera ku kuwotcha mafuta. Mkaka wa m'mawere umabweretsa mafutawo, chiwindi n'kupanganso ma ketone odyetsa ubongo. Timadontho tachikasu tija ndi tochepa m'maso, koma thupi la mwana linakonzedwa kuti tsiku loyamba lidalire timeneto pamodzi ndi kamba wake.

Make Mapasa: Ndamva tsopano. Izi ndikawauza amayi anzanga Lachinayi, makamaka za moto ndi chifuwa. Ambiri amaganiza kuti kangaroo ndi wa kulemera kokha.

Kilinikala wa Kumudzi: Aphunzitsi, sindikutsutsa, koma ndinene za kuno. Pali masiku amene ma strip a glucometer atha. Pali usiku umene mtsempha wa mwana wa kilogalamu imodzi ndi theka sukupezeka, tochi ili kukamwa, ambulansi ili kutali. Pamenepo sindingauze munthu kuti shuga wa pakamwa ndi woletsedwa basi. Ngati mwana akuonetsa zizindikiro ndipo sindingayeze, ndimamuthandiza ngati shuga watsika. Ndimalowetsa chubu cha m'mphuno, mkaka wofinya ngati ulipo, ngati palibe dextrose wa 10% kudzera mu chubu chomwecho, kenako ndimatumiza.

Mzamba Wamkulu: Achimwene, pamenepo sitikusiyana. Zimene mukuchitazo ndi chithandizo cha kuchipatala, muyezo ukudziwika, chubu chilipo. Chimene ndimakana ine ndi kapu ya madzi a shuga imene imabwera kuchokera kunja kwa wodi, ikupatsidwa kwa mwana aliyense wolira chifukwa akuti mkaka sunabwere. Mwana akakhuta madzi sayamwa, bere likapanda kuyamwidwa mkaka umachedwa, ndipo tabwerera pomwe tinayambira.

Nesi wa ku Leeds: Moni kumudzi. Ndangoweruka kumene, ndawerenga zonse. Kuno pa vuto lomweli timagwiritsa ntchito dextrose gel wa 40%. Timapukuta mkati mwa tsaya la mwana n'kupakamo 0.5 ml pa kilogalamu iliyonse, kenako nthawi yomweyo kubere. Zinafala pambuyo pa kafukufuku wa ku Hamilton, New Zealand, amene anatuluka mu 2013. Ubwino wake ndi woti ana ambiri salekanitsidwa ndi amayi awo. Koma ndi wa mwana amene ali maso, wopanda zizindikiro zoopsa. Wofooka kwambiri kapena wokomoka ndi wa pa mtsempha basi. Chimene ndimalakalaka n'choti gel ameneyu azipezeka m'zipatala zing'onozing'ono kwathuko, chifukwa safuna firiji kapena kusaka mtsempha.

Achimwene a ku Labu: Ine ndikuona kuti njira yabwino ndi kungoyeza mwana aliyense akabadwa. Tisamadikire kunjenjemera.

Nesi wa ku Leeds: Ayi achimwene, ngakhale kuno kumene ma strip sasowa sitichita zimenezo. Mukayeza mwana wathanzi, wokwana masiku, pa ola loyamba, mupeza nambala yotsika chifukwa ndi nthawi yake yotsika. Kenako mumuchotsa kwa mayi, mumupatsa botolo, mwasokoneza zimene thupi limakonza lokha. Timayeza amene ali pachiopsezo: wa mayi wa shuga, wobadwa masiku asanakwane, wochepa thupi, wobanika, wozizidwa, wodwala, ndi aliyense woonetsa zizindikiro.

Achimwene a ku Labu: Ndamva, ngakhale mtima wanga ukadali pa amene tingawaphonye, chifukwa ena shuga amatsika popanda chizindikiro chilichonse. Koma ndionjezere za kwathu ku labu. Glucometer siinena zoona kwenikweni pa manambala otsika, makamaka mwana akakhala ndi magazi okhuthala, zimene zimachitika kawirikawiri mwa ana a amayi a shuga. Chidendene chozizira chimanamizanso. Ndipo mukatitumizira magazi m'botolo wamba n'kukhala pa benchi, maselo ofiira amapitiriza kudya glucose, nambala imabwera yotsika kuposa zenizeni. Gwiritsani ntchito botolo la fluoride, ndipo musadikire yankho lathu kuti muyambe kuthandiza mwana.

Mzamba Wamkulu: Amene angaphonyedwewo ndi chifukwa chake mndandanda wa a pachiopsezo uyenera kukhala m'mutu mwa mzamba aliyense. Ndi ma strip ochepa amene tili nawo, tikamwaza pa ana onse, wa masabata 33 adzafika botolo litatha.

Nangozo: Ndafunsanso, Aphunzitsi. Nambala ya 2.6 imene timaloweza ija, ndiye kuti pansi pake ubongo wawonongeka?

Aphunzitsi: Ayi. 2.6 mmol/L ndi malire otiuza kuti tichitepo kanthu, si mzere umene ubongo umafera. Kuopsa kumadalira kuti shuga watsika motani, kwa nthawi yaitali bwanji, kangati, komanso ngati mwanayo ali ndi ma ketone omuthandiza. Akatswiri akukanganabe za nambala yeniyeni, mayiko ena amagwiritsa ntchito yotsikirapo pa maola oyamba. Inu tsatirani ndondomeko ya wodi yanu. Chimene chimadziwika bwino n'chakuti shuga wotsika kwambiri kwa nthawi yaitali, makamaka mwana akafika pokomoka, amavulaza ubongo, kawirikawiri mbali ya kumbuyo imene imayang'anira kuona.

Ndipo popeza tikukamba za insulin, pali zolakwa ziwiri zimene ife eni timachita. Choyamba, kupatsa khanda dextrose wa 50% osasungunula. Amawotcha mtsempha, amakweza shuga mwadzidzidzi, pankiriyasi imayankha ndi insulin yambiri, ndipo shuga amagwa kuposa poyamba. Ngakhale wa 10% uja, mukabaya kamodzi n'kusiya osatsatiza dilipi kapena mkaka, mwa mwana ngati wa Nangozo shuga agwanso. Chachiwiri, kuthamangitsa dilipi ya dextrose kwa mayi ali pa nthawi yobereka. Shuga ameneyo amadutsa nsengwa, mwana amakweza insulin, ndipo tamupangira tokha vuto la mwana wa mayi wa shuga m'maola ochepa.

Kilinikala wa Kumudzi: Nanga mwana amene shuga akutsikabe patapita masiku, akuyamwa, sakuzizidwa, mayi alibe shuga?

Aphunzitsi: Choyamba ganizirani sepsis, majeremusi ofalikira m'magazi, chifukwa ndi imene imapezeka kwambiri. Ikapanda kukhala imeneyo, tumizani kwa madokotala a ana, pali za insulin yobadwa nayo yochuluka ndi za mahomoni ena. Palinso matenda osowa kwambiri amene amaphunzitsa bwino zimene takambazi. Edgar von Gierke anawafotokoza mu 1929, ndipo mu 1952 a Cori aja anapeza kuti odwalawo alibe glucose-6-phosphatase. Nkhokwe imadzaza koma khomo kulibiretu. Nthawi zambiri amaonekera pa miyezi itatu kapena inayi, pamene mwana wayamba kugona nthawi yaitali osayamwa: chiwindi chachikulu, mimba yotupa, masaya onenepa, shuga wotsika, lactate wokwera. Mukaona mwana wa chiwindi chachikulu amene amakomoka m'bandakucha ndipo malungo sakupezeka, muwakumbukire.

Nangozo: Zikomo kwambiri nonse. Ndalemba masamba anayi. Ndigone pang'ono, m'mawa ndidzera ku nazale ndisanapite ku mayeso.

Nangozo: Mwadzuka bwanji. Ndamuona mwana uja. Usiku shuga anatsikanso kamodzi kufika pa 2.3, dilipi inali itatuluka mu mtsempha, anaibwezeretsa. M'mawa uno asanayamwe anali pa 3.6, wayamba kugwira bere yekha, kunjenjemera kwasiya. Mayi ake akufunsa ngati angachotse dilipi lero kuti azigona naye.

Mzamba Wamkulu: Tadzuka mwana wanga. Kugona naye angathe ngakhale dilipi ilipo, mumangireni pachifuwa mosamala mkono wa dilipiwo uli kunja. Koma kuchotsa kamodzin'kamodzi ayi, insulin yake sinakhazikike. Adokotala akabwera pa raundi akambirane zotsitsa pang'onopang'ono pamene kuyamwa kukuwonjezeka, ndipo muziyeza asanayamwe, osati atangoyamwa. Ayamwe maola awiri kapena atatu alionse, akagona mumudzutse. Musaiwalenso kuuza mayiyo kuti pa mimba yotsatira adzayambe sikelo msanga ndipo adzanene za shuga wake tsiku loyamba lomwelo. Pitani mukalembe, mukatuluka mutiuze nambala ya masana.